Botolo Limodzi, Anthu Awiri

Kwa Zikhalo,
Bembeke,
Dedza.
17 Julaye, 2025.

Okondedwa achimwene a Dominiko,

Khalani kaye pansi musanawerenge, ndipo ngati muli kuntchito musatsegulire pamaso pa abwana anu, chifukwa mulumpha ngati mmene ndinalumphira ine Lachiwiri lapitali mpaka silipasi yanga imodzi inakalowa pansi pa benchi ya kuchipatala. Achimwene, amayi adzuka! Anamwino andiletsa kunena kuti achira, akuti kachilombo sikanachoke m'thupi, koma zotsatira za magazi zabwera ndipo tizilombo tachepa mpaka makina akulephera kutiwerenga. Sakutiona! Amayi omwe aja munawaona pafoni pa Khirisimasi ali chigonere, mikono ngati mapesi, dzulo akumba mbatatesi mizere isanu ndi umodzi, kwinaku akundikalipira kuti ine ndikuzitema ndi khasu ngati mlendo. Ine kumangoseka. Andikalipire ndithu, mawu amenewo ndinawasowa.

Mudabwa kuti bwanji kalata pomwe foni ilipo. Foni yanuyo ndimaidziwa, imagwiridwa ndi nyumba yonse ya ku Joniko, ndipo zimene ndikulemba pano sizoti anyamata akwathu omwe mumakhala nawowo azikumane nazo pofuna nyimbo. A Yunus a golosale ya pa boma anyamuka Loweruka kudzaoda katundu, ndawapempha kuti akupatseni pamanja. Mukamaliza kuwerenga muisunge pomwe mumasunga pasipoti.

Ndiyambe ndi mankhwala, poti mwakhala mukufunsa kuti ndi mankhwala anji amene akutiyendetsa ulendo wa ku Lilongwe mwezi ndi mwezi. Mukudziwa kale kuti ma ARV oyamba aja anasiya kugwira ntchito mwa amayi, achiwiri nawo chimodzimodzi. Magazi awo atatumizidwa kukayezedwa mwapadera, zinapezeka kuti kachilombo kawo kazolowera pafupifupi chilichonse chimene chipatala chili nacho. Mu Febuluwale ndi pomwe anatiitana nkutiuza kuti pali mwayi wa anthu ochepa a vuto ngati la amayi, woti alandire mankhwala a mtundu wina. Dzina lake ndinalilemba pachikuto cha kabuku ka kuchipatala, koma musandiuze kuti ndilitchule, lilime limapindika.

Adokotala ake ndi mayi wamfupi, wolankhula mothamanga ngati ine. Anatenga pepala nkujambula kabwalo, nati, "Mayi, uyu ndi msilikali wa m'magazi mwanu, amene amakutetezani ku matenda. Kachilomboka sikangaswane kali panja, kamayenera kulowa mkati mwa msilikaliyu. Ndiye kuti kalowe, kamayamba kagwira kaye pakhomo pake. Mankhwala onse amene mwakhala mukumwa amalimbana nako katalowa kale m'nyumba. Awa ayi. Awa amakamanga manja kasanakhudze chitseko."

Amayi anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako nkufunsa, "Nanga kakalephera kulowa, kamagona kuti?"

"Panja, mayi."

"Ndi kuzizira kwa ku Bembeke kuja? Basi kafa."

Adokotala anaseka mpaka kuvula magalasi. Koma atawavalanso nkhope inali ina. Anati mapiritsi atsopanowa ndi akumwa m'mawa ndi madzulo, pamodzi ndi ena awiri omwe akadali ndi kamphamvu pang'ono, ndipo anagogoda patebulo ndi cholembera nati, "Mukamadumphitsa, kachilomboka kadzazoloweranso awa. Kakatero, ine mu kabati yanga mulibe china. Mwandimva?" Amayi anati amva. Ine ndinawayang'ana amayi, iwo nkuyang'ana pansi, chifukwa tonse awiri tinkadziwa chinthu chimene adokotalawo sankachidziwa.

Chinthucho ndi chimene ndakubisirani zaka ziwiri, ndipo lero ndikuuzani. Mwandikalipira kangapo kuti bwanji m'mauthenga anga ndimangolemba kuti "amuna awo a amayi", bwanji sindipereka moni wawo, kodi sukulu ndi imene yandichititsa mwano. Si sukulu, achimwene.

Ine ndakhala gadiyani wa amayi kuyambira ndili Fomu 3, ndiye dongosolo la kuchipatala ndimalidziwa ngati Atate Athu. Ukapita kukatenga mankhwala ena, umatenga botolo lakale, anamwino amakhuthulira otsala pa kambale nkuwerenga, kuti aone ngati ukumwa tsiku lililonse. Botolo la amayi silinaphonyepo. Anamwino a Zuleika ankachita kuwaloza pamaso pa anthu kuti, "Onani mayi Bernadetta awa, zaka zonsezi ngakhale piritsi limodzi losochera." Koma munthu woyamikiridwayo kumangouma, zilonda m'kamwa, kutsegula m'mimba kosatha. Aliyense anadabwa. Ena m'mudzi muno anayamba kale kutchula mayina a anthu oti awalodza.

Tsiku lina m'mawa, mu Epulo chaka cha dzana, ndinanyamuka kupita kumsika nkuiwala thumba. Pobwerera ndinalowera khomo la kuseri. Ndinapeza botolo la amayi lili m'manja mwa amuna awo, piritsi lili kale pa lilime, amayi atawagwirira kapu ya madzi.

Achimwene, mukuikumbuka kalendala ya parishi imene imapachikidwa pafupi ndi chithunzi cha ukwati wawo? Mukukumbuka timitanda ndi timadontho timene amayi ankalemba m'masiku, lero kamtanda, mawa kadontho? Ife tinkati ndi za mapemphero awo a novena. Kamtanda linali tsiku la amayi. Kadontho linali tsiku la amuna awo.

Amayi anandifotokozera okha. Atapezeka nako kachilombo, inu muli Fomu 1, amuna awo anakanitsitsa kukayezetsa. Akuti munthu wowerenga Mawu m'tchalitchi, wapampando wa mphakati, akaime bwanji pamzere wa Lachiwiri anthu akuona. Atayamba kudwala, amayi sanapirire. Koma anawerengera kuti akamamwa onse awiri tsiku lililonse, botolo lizitha pakati pa mwezi ndipo anamwino adziwa. Ndiye anagwirizana zosinthana masiku. Botolo kumatha pa tsiku lake lenileni, anamwino kumaomba m'manja, pomwe aliyense wa iwo akumwa theka. Zaka khumi ndi chimodzi! Ndi mmene kachilombo ka amayi kanaphunzirira mankhwala onse, pang'onopang'ono, ngati mwana wobwereza kalasi mpaka kuloweza mayeso.

Ndinawafunsa amayi kuti nzeru zimenezi anazitenga kuti. Anandiyankha modekha ngati ndafunsa za mtengo wa nyemba. "Bulangeti timafunda limodzi, Dorika. Munda ndi umodzi. Ndikanamwa ndekha bwanji iwo akufa pambali panga?"

Zimene ndinawalankhula amuna awowo tsiku limenelo sindingazilembe papepala limene lidutse m'manja mwa munthu wopemphera ngati a Yunus. Botolo ndinalanda, nkulitsekera m'bokosi langa lachitsulo la kusekondale lija, kiyi nkumumangirira pa chingwe cha medulo yanga m'khosi. Amayi anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ngakhale inu, ngakhale achipatala. Ndinalumbira. Kuyambira pamenepo mawu anga kwa munthu amene anatibereka akhala awiri okha, "madzi kubafa", basi.

Tsopano nali gawo langa, poti ndikulemba za ena ndilembenso za ine. Potseka bokosi lija ndinkadziwa kuti iwo atsala opanda kalikonse. Ndinkadziwa bwino lomwe. Ndawaona akuboola lamba bowo lina ndi msomali, patapita miyezi linanso. Ndawamva akutsokomola kudimba mpaka kutsamira mpini. Mumtima ndinkangoti, njira ya kuchipatala akuidziwa, ndi pafupi kuposa kutchalitchi. Sindikunena kuti ndinalakwa, musafulumire kukondwera. Ndikungonena kuti ndinkaona.

Tibwerere kwa amayi. Mankhwala atsopanowa, eee, achimwene, ndikanakonda mukanaona ndi maso anu! Mwezi woyamba zilonda za m'kamwa zinauma. Wachiwiri anayamba kupempha chakudya okha, nkumadandaula kuti ndiwo zanga zilibe mchere. Pa Pasaka anayenda wapansi mpaka kutchalitchi, amayi a m'bungwe lawo anawalandira ndi nthungululu pakhomo ngati mkwatibwi. Sikelo ya kuchipatala inayamba kukwera, ine ndinkachita kulemba manambala ake pakhoma la kukhitchini ndi khala. Ndinayamba kugona tulo.

Ndiye kumapeto kwa Juni ndikuchapa, ndinapeza mfundo pa ngodya ya chitenje chawo cha Maria chija. Ndinayesa ndi ndalama ya chopereka. Kumasula, mapiritsi atatu a mtundu watsopano uja, osungunuka m'mbali, kusonyeza kuti anakhalapo m'kamwa. Ine tsiku ndi tsiku ndinkawapatsa ndi dzanja langa, iwo nkumwera madzi ine ndikuona. Kani ankabisa kutsaya!

Ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde, ndinangotambasula dzanja. Sanachite ngakhale manyazi.

"Ndimangosunga," anatero. "Ukuwamva mmene akutsokomolera. Ngati awa amatseka khomo, bwanji asatsekeko ndi kwa iwo?"

"Amayi, adokotala anati chiyani? Mu kabati mulibe china!"

"Ndinamva. Sindine gonthi."

"Ndiye mwawapatsa angati?"

"Ngakhale limodzi. Akana. Akuti andidyera zokwanira." Anapitiriza kusankha nyemba zawo, kenako nkunena osandiyang'ana, "Bokosi lako ukhoza kukiya, mayi, koma m'kamwa mwanga mulibe loko. Tsiku lina adzavomera, ndipo adzapeza ndawasungira."

Apo ndi pomwe ndinazindikira kuti ndikhoza kulondera botolo mpaka kukalamba, koma ngati bambowo sakhala ndi botolo lawolawo, amayi tiwaika m'manda ndi mankhwala abwino ali pa ngodya ya chitenje.

Ndinatsetsereka kudimba ndi sopo m'manja. Ndinawapeza akuthirira kabichi, keni imodzi yokha, poti ziwiri sakuzithanso. Ndinaika mapiritsi atatu aja pamwala patsogolo pawo, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinawatchula dzina.

"A Vinsenti, mukuwaona awa? Awa ndi masiku a amayi anga."

Anaika keni pansi. "Ndinakana, mwana wanga."

"Kukana kwanuko kukuthandiza ndani? Inu mukukana, iwo akulavula. Mukuopa chiyani kwenikweni? A kwaya? Theka la kwaya yanuyo ndimakhala nalo pabenchi Lachiwiri lililonse, amachita kusungirana malo!"

Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo ndinali nditakonzeka ndi ena oposa pamenepo. Koma anakhala pansi pa mzere, nkuvula chipewa. Achimwene, mutu wawo wachepa.

"Anthu ndinasiya kale kuwaopa," anatero. "Chimene ndikuopa ndi funso. Akandifunsa kuti bambo, zaka zonsezi mwakhala bwanji ndi moyo opanda mankhwala, ndikayankha kuti chiyani? Kuti ndinkadya moyo wa amako?"

"Mukayankhe choncho kumene," ndinatero. "Si zoona?"

Ndinatola mapiritsi anga nkubwerera. Sindinawathandize kunyamula keni.

Sabata yotsatira linali tsiku lathu la ku Lilongwe, lotenga magazi. Kumeneko ndinaphwanya lumbiro langa. Ndinawauza adokotala zonse, kalendala, timitanda, chitenje, amayi ali pompo akunditsina pantchafu. Adokotala sanakalipe. Anangoti, "Zaka zonsezi takhala tikuwerenga mapiritsi, osawerenga anthu a m'nyumba." Anati za mapiritsi atatuwo magazi ndi amene anene, zotsatira azitumiza kuchipatala chathu konkuno pakatha masabata awiri. Anatinso bambowo abwere msanga, chifukwa kachilombo kawo nako kayenera kuti kanaphunzira sukulu yomweyo, ndipo mapiritsi a amayi paokha sakanawathandiza.

Masabata awiri amenewo ndinaonda ndine. Amayi sankandilankhula chifukwa cha lumbiro lija. Ine nawo ndinakhwimitsa lamulo: akameza piritsi, amwe tiyi kapu yonse, kenako anene Tikuoneni Maria mokweza mpaka Amen, ine ndikuyang'ana m'kamwa. Amati ndine mwana wopanda ulemu. Ndinati ulemu ndidzawapatsa akadzakalamba. Amuna awo, chete. Kudimba, kunyumba, kutchalitchi, ngati sitinalankhulane kanthu. Ndinati basi, mawu anga anagwera m'madzi a kabichi.

Lachiwiri lija kunazizira koopsa, nkhungu yokhayokha, mitengo ya paini osaoneka. Tikutuluka ndi amayi, ndinaona munthu ataima pa msewu atavala jekete yakuda ija amavala powerenga Mawu, nsapato zopolisha, kabuku katsopano ka kuchipatala kakusuzumira m'thumba. Anali bambowo. Anatitsatira kumbuyo njira yonse. Ine ndinkati akafika pageti akhota, ngati mmene amachitira masiku onse akaperekeza. Sanakhote. Analowa, nkukhala pabenchi, pakati penipeni pa anthu.

A Rafaelo oimba besi mu kwaya anali pomwepo ndi botolo lawo m'manja. Anadzidzimuka, nkuyesa kulibisa m'chipewa, kenako anati, "Apampando, mwaperekeza mayi?"

Bambowo anayankha mokweza, ndi mawu awo a pa guwa aja, "Ayi, a Rafaelo, ndabwerera zanga. Ndangochedwa zaka khumi ndi zitatu."

Benchi yonse inatembenukira kwa iwo. Kenako a Rafaelo anasendera nati, "Ndiye khalani bwino, apa timakhala mothithikana, kumazizira." Anthu anaseka, ndipo ine ndinayang'ana kudenga chifukwa m'maso mwanga munalowa kanthu.

Amayi ndi amene anayamba kuitanidwa. A Zuleika anatsegula envelopu, kuwerenga, kuwerenganso, kenako anaimirira nkuwakumbatira amayi. Ine ndinalanda pepalalo. Nditaona mawu oti tizilombo sitikuoneka, ndi pomwe silipasi inauluka. Ndinakuwa, achimwene, ndinavina m'chipinda cha anamwino ngati ndili pa chinkhoswe, mpaka mlonda anabwera kudzaona ngati wina wakomoka. Amayi anangoti, "Mwana uyu, anthu akuona," koma misozi ili mbwee.

Bambowo anawayeza, ndipo zotsatira ndi zimene tonse tinkazidziwa. Funso lija anawafunsadi. Ine ndinali pakhomo, ndinamva ndi makutu anga akuyankha osazungulira, kuyambira pa kalendala mpaka pa chitenje. A Zuleika anagwira pakamwa, poganiza zaka zonse zimene ankawayamikira amayi. Awayeza chifuwa, awatenga magazi oti akaone mankhwala amene angagwirebe mwa iwo, ndipo pakadali pano awayambitsa omwe alipo. Sindikunamizani, ali ofooka, ndipo sitikudziwa kuti magaziwo adzanena chiyani. Koma ali ndi botolo lawo, lolembedwa dzina lawo.

Pomaliza a Zuleika anafunsa kuti, "Gadiyani wanu tilembe ndani, bambo?" Amayi anakweza dzanja msangamsanga ngati mwana wa Sitandade 1. Ine ndinati, "Ayi! Awiri awa asapezekenso pafupi ndi botolo limodzi, ngakhale la mafuta ophikira." Anamwino anati nanga ndani. Bambowo anangoyang'ana nsapato zawo, sanayerekeze nkomwe kutembenukira kwa ine. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Lembani Dorika."

Musandifunse ngati ndawakhululukira. Sindinatero. Ndikaona mikono ya amayi ndimakumbukira zaka khumi ndi chimodzi zija, ndipo mtima umatentha ngati kale. Mwina chaka chamawa, mwina ayi. Koma m'bokosi langa tsopano muli mabotolo a anthu awiri, ndipo m'mawa uliwonse amakhala pakhonde moyandikana, aliyense ndi kapu yake, onse nkunena Tikuoneni Maria mpaka Amen ine nditaima ngati kapitawo. Kalendala ndinailanda, ndikulemba ndine. Tsiku lililonse kamtanda ndi kadontho, m'kabokosi kamodzi ka pa kalendalapo.

Zopempha zanga ndi izi. A Yunus pobwerera muwapatsire wotchi yolira, chifukwa foni yanga ikatha moto ndimasowa nthawi ya mankhwala a madzulo. Muwapatsirenso juzi yaubweya yachimuna, koma musagule poyerekeza ndi munthu amene munamusiya, mugule yocheperako kawiri. Ndipo Lamulungu loyamba mutalandira kalatayi, Misa ikatha muimbe, muwapemphe bambowo pafoni. Musawakalipire. Kukalipa ndi ntchito yanga ndipo ndaigwira mokwanira tonse awiri. Mungowafunsa za kabichi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa kamwana kathu Sibongile, mukauze kuti agogo ake akukasungira mbatatesi zazikuluzikulu. Amayi akupereka moni wambiri, akuti Disembala mubwere mudzaone mmene anenepera, ndipo akuti ndikuuzeni kuti mlongo wanu ndi wamwano. Ndalemba monga anenera.

Ndikulemba chonchi pakhonde, wina wabwera kuchokera kudimba nkuima chapatali, chipewa m'manja. Wafunsa ngati ndikulembera inu. Ndati eya. Wafunsa ngati ndalemba zonse. Ndati zonse. Wagwedeza mutu nati ndachita bwino, kenako nati, "Ngati papepalapo patsala malo, umupatseko moni wanga."

Malo atsala.

Ababa akupereka moni.

Ndine mlongo wanu,
Dorika.